Botolo la Mizere Isanu

Mawu aja ankakhala kudenga anasamuka mu Juni,
nditangobayidwa jakisoni wachitatu.
Sanatsanzike.
Malata anatsala malata basi,
kumangothetheka ndi dzuwa la ku Moatize
osatchulanso dzina langa.

Koma nyumba siikhalitsa yopanda munthu.
Munalowa ludzu.

Ndimadzuka lilime lili gwa
ngati chikopa cha mbuzi choyanika pamwala.
Malovu ndimachita kuwafufuza
ngati tchenje m'thumba lobooka.
Kuti ndiyankhe moni,
milomo iyambe yamatuka kaye.

Ndiye ndinkamwa.
Kapu, kapu ina, kenako jagi,
kenako theka la chigubu chachikasu
chimene mlongo wanga Anasitansiya amasenza kuchokera kumjigo.
Usiku ndinkayenda monyang'ama
kuti chivundikiro cha ndowa chisandiulule.
Ndinamwa ngakhale otsukira mpunga.
Mimba ili tho,
ludzu lili pompo pakhomo
ngati mwini ngongole.

Lachinayi lina mutu unalemera.
Sitima ya malasha ndinaiona ziwiri.
Ndinasanza madzi okhaokha,
miyendo n'kundikana.
Akuti ndinagwera pa njinga ya a Jofirisi
n'kumaphiriphitha, maso atatembenuka.
Ena anati misala yabwerera.
Ena anati ndi kachasu,
ine wosalawa chiyambire chaka chatha.

Ku chipatala cha ku Tete, kutsidya kwa mlatho,
namwino Selesitina Bulande anakoka mpando.
"Mchere wa m'magazi mwanu wasukuluka
ngati ndiwo zothiridwa madzi alendo atachuluka.
Mankhwalawa amaumitsa kukamwa.
Nthawi zina amanyengerera impso kuti zisunge madzi.
Matendawo nawonso amatuma munthu kundowa.
Pakamwa pakukunamizani, bambo.
Thupi linakhuta kale."

Ndinaseka, mutu ukuwawa chomwecho.
Munthu kumira pamtunda,
Zambezi ali apo, akudziyendera,
osandinyowetsa ngakhale chala.

Ndinafunsa ngati ndingosiya jakisoni.
Anapukusa mutu:
za muyezo aona dokotala, ine ndisadule ndekha.
Sindinatsutse.
A kudenga aja sindikuwasowa.

Tsopano pazenera pali botolo lalikulu.
Anasitansiya analemba mizere isanu
ndi penti wake wa zikhadabo, wofiira.
Woyamba dzuwa likatuluka,
wachiwiri mashapa akayamba kulimbirana anthu pamsewu,
wachitatu mthunzi ukabisala pansi pa mlambe.
Kukatentha mopitirira amandionjezera pang'ono,
namwino anatero,
poti thukuta nalo limafuna kubwezeredwa.

M'mawa ndi madzulo ndimakwera sikelo
yobwereka kwa mayi wogula nandolo.
Manambala amalowa m'kope la masamu la mwana wake,
tsamba lakumapeto.
Ikalumpha makilo awiri lisanalowe dzuwa
amadziwa kuti ndaba.

Dzana ndinaba.
Kuseri kwa bafa, m'beseni.
Sanakalipe.
Anayang'ana kopelo nthawi yaitali,
anamasula mfundo ya kapulana yake
n'kundipatsa masau ouma atatu.

Ndimaika limodzi m'tsaya.
Kuwawasa kwake kumaitana malovu,
kadontho,
kadontho kena,
monga kachitsime ka mumchenga wa Revubwe mu Okutobala
kamene umafukula ndi manja
n'kukhala pansi, kudikira kuti kadzaze chikho.
Njere imodzi ndimatha nayo ola lathunthu.
Ndinkayendetsa chigalimoto cha kumgodi ine,
matayala ake otalika kuposa munthu;
lero ndikuyendetsa kanjere ndi lilime,
uku, uko, uku.

Mphwanga Eliziyo wabwera kusukulu,
wapapira kapu yonse osapumira,
madzi akutsikira pachibwano mpaka pa yunifolomu.
Wandiona ndikumuyang'ana pakhosi.
Wabisa kapu kumbuyo.
"Amalume, pepani."

Imwa iwe, ndamuuza.
Wanga mzere wachinayi uli pa folo koloko.
Tandionere wotchi ya mayi ako.